Za mwana wathu ndi masewera ogwetsana

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dublin kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo, amayi miyendo ija yachitako bwino ndipo ayambanso kupita kutchalitchi okha.

Uthenga wanu ndaumvetsera mpaka kumapeto, ndipo mawu anu akuchita kuonetseratu kuti simukuona tulo. Mwati mwana wathu wachisamba wapeza sukulu yophunzitsa masewera ogwetsana, wrestling ija, ndipo wakakamira kuti mumulembetse. Mwapempha kuti ndikuthandizeni kumuletsa poti ine amandimvera. Pepani achemwali, pamenepo sindikuthandizani. Koma mundimve kaye, chifukwa mantha anuwo nane ndili nawo.

Mayi amene mwanayo wapachika chithunzi chake kuchipinda, Becky Lynch, katswiri wa masewerawa, ndi wa ku Ireland komweko. Dzina lake lenileni ndi Rebecca Quin, anabadwa mu 1987 ku Limerick ndipo anakulira ku Baldoyle, mu Dublin momwemo. Anayamba kuphunzira masewerawa mu 2002 ali ndi zaka 15, msinkhu wa mwana wathuyu, pasukulu ina ya ku Bray imene ankayendetsa Fergal Devitt, amene dziko linadzamudziwa pambuyo pake ndi dzina loti Finn Bálor. Ankapita ndi mchimwene wake. Mayi ake sankasangalala nazo, ngati inu nomwe. Asanakwanitse n'komwe zaka 20 anali atalimbana kale ku Canada, ku America ndi ku Japan, akudziwika kuti Rebecca Knox.

Ndiye mu 2006 anavulala m'mutu akulimbana ku Germany. Apa mpomwe ndikufuna mwanayo amvetsetse, chifukwa pa TV nkhani imeneyi sakhalitsapo. Mtsikana amene anthu ankati afika patali anasiya masewerawa kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Anakalowa ntchito yosamalira anthu m'ndege za Aer Lingus, ntchito yomwe mayi ake ankagwiranso. Anabwerera kusukulu n'kuphunzira zamasewero a zisudzo ku Dublin Institute of Technology. Anagwirakonso ntchito yolowa m'malo mwa ochita zisudzo pa zochitika zoopsa pojambula mafilimu. Pamene WWE, kampani yaikulu ya masewerawa ya ku America, inamulemba mu 2013, sanabwere ngati kamwana kongodziwa kugwetsa anzake. Anabwera akudziwa kugwira maikolofoni, kulankhula, ndi kuchititsa anthu zikwizikwi kuti akhulupirire zimene akunena. Ine ndimaona kuti chimene chinamukweza ndi chimenechi, osati mphamvu za m'manja ayi, poti amphamvu kuposa iye analipo ambiri.

Mumati zija n'zabodza. Inde, wopambana amakhala atasankhidwa kale, ndipo nkhani ya amene akudana ndi mnzake imachita kulembedwa. Koma kugwa si kwabodza. Pansi pa nsalu ya bwalo lija pali matabwa ndi zitsulo, chofewa chake n'chochepa, ndipo msana umene ukumenyetseka pamenepo ndi wa munthu. Awiri amene akuoneka ngati akufuna kuphana aja, kwenikweni aliyense wapereka khosi lake m'manja mwa mnzake. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, wina akangophonya nthawi, munsi umagwera padzanja la mnzake. N'chifukwa chake kuphunzira kugwa bwino kumayamba, kugwetsa kumabwera pambuyo.

Ku WWE nako sizinamuyendere msanga. Tsiku loyamba kuonekera pa TV ku NXT, gawo la WWE la ongoyamba kumene, anavala zobiriwira n'kuvina gule wa kwawo, ngati kuti chimene mtsikana wa ku Ireland angapereke n'chokhacho. Ndipo nthawi imeneyo akazi m'kampaniyi ankatchedwa ma Diva, mipikisano yawo inkakhala ya mphindi zowerengeka, nthawi imene anthu amadzuka kukagula zakumwa. Mu Febuluwale 2015 mpikisano wina wa akazi pa pulogalamu ya Raw unatha theka la mphindi lokha, oonera anakwiya n'kudzaza madandaulo pa Twitter. Mu Julaye chaka chomwecho Becky, Charlotte Flair ndi Sasha Banks anakwezedwa kuchokera ku NXT, ndipo mu 2016 lamba wa ukatswiri wa ma Diva anathetsedwa. Chaka chomwecho Becky anakhala woyamba kutenga lamba wa akazi wa pulogalamu ya SmackDown. Koma pambuyo pake anabwereranso kumbuyo, akungokhala mnzake womwetulira wa Charlotte.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri chinachitika pa chionetsero cha SummerSlam mu Ogasiti 2018. Olemba nkhani anakonza zoti Becky amenye Charlotte mpikisano utatha, kuti anthu amude. Anthu m'malo momukuwiza anaimirira n'kumuchemerera! Anali ataona zaka zonse zimene ankamudumpha. Kampani inalephera kulimbana ndi khamu la anthu. Iye anayamba kudzitcha The Man, kunena kuti pamwamba pa onse, amuna ndi akazi omwe, pali iye. Mu Novembala, chibakera cha wolimbana mnzake Nia Jax chinamupeza zenizeni, mphuno inathyoka ndipo ubongo unagwedezeka. Chithunzi chake ali magazi chuchuchu kumaso, atatambasula manja pakati pa oonera, chinazungulira dziko lonse. Anthu amachikonda chithunzi chimenechi, koma ine ndikachiona ndimakumbukira kuti madokotala anamuletsa kulimbana ndi Ronda Rousey pa chionetsero cha Survivor Series masiku ochepa pambuyo pake. Mutu womwewo umene unavulala kale ku Germany.

Pa 7 Epulo 2019 ku MetLife Stadium mu New Jersey, kwa nthawi yoyamba mu mbiri ya WrestleMania, chionetsero chachikulu koposa cha WWE, mpikisano waukulu wotsekera unali wa akazi: Becky, Charlotte ndi Ronda Rousey. Becky anatenga malamba onse awiri, wa Raw ndi wa SmackDown. Kuno kunali kutacha kale pamene refu ankawerenga mpaka katatu, ndipo ndinagwetsa misozi, sindikubisirani.

Mu Meyi 2020 anaima pabwalo n'kupereka lamba kwa Asuka chifukwa anali woyembekezera. Anabereka mu Disembala, anabwerera mu Ogasiti 2021 n'kutenganso lamba. Kale mkazi akatenga pakati m'ntchito imeneyi anthu ankangoti watha basi.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti mwana wathu adzakhala Becky Lynch. Ambiri safika kumeneko, amathera m'maholo ang'onoang'ono akulandira ndalama yosakwana n'thiransipoti yomwe. Ena amafika koma thupi limakana. Paige, mtsikana wa ku Norwich ku England, anakakamizika kusiya mu 2018 ali ndi zaka 25 zokha chifukwa cha khosi, ndipo panapita zaka zinayi asanaloledwe kulimbananso. Masewerawa alibenso nyengo yopuma ngati mpira, amayenda chaka chonse. Zimenezi mwanayo azimve kuchokera kwa inu, momveka bwino.

Koma kumuletsa sikuchotsa ngoziyo. Mtsikana wa zaka 15 amene waika mtima pa chinthu, mukamutsekera khomo amakayesera ndi anzake pa kapinga, kutengera zimene waona pa YouTube, popanda womuphunzitsa kubisa chibwano pogwa. Kumeneko ndiye koopsa kwenikweni. Ine maganizo anga ndi oti mupite naye nokha kusukuluko, mukhale pansi muonerere tsiku lonse. Mufunse amene akuphunzitsa kuti iye anaphunzira kuti. Mufunse ngati pali aphunzitsi achizimayi, ngati ana amasiyanitsidwa ndi akuluakulu, ndiponso chimene amachita mwana akamenyetsa mutu. Akakuyankhani kuti amangopumako pang'ono n'kupitiriza, mugwireni dzanja mwanayo muzibwerera. Ndipo mupangane naye kuti maphunziro a m'kalasi akayamba kutsika, masewera aima kaye mpaka mayeso omaliza a sekondale, Leaving Certificate, atatha.

Alamu nawonso musawabisire, apite nawo. Mumuuze mwanayo kuti azakhali ake amuimbira Loweruka madzulo, ndili ndi mafunso anga oti andiyankhe. Ufa ndi usipa zija ndipatsira munthu amene akubwera mwezi wamawa, mungondiuza ngati mukufunanso chitenje. Moni kwa onse.

Ndine wanu,
Mchemwali wanu wa ku Zomba