Kalendala ya kuseri kwa chitseko

Mwana wanga,

Takulonjera kuno ku Chilomoni. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija limene limayamba kudandaula mitambo ikangounjikana ku Michiru. Amayi ako nawonso ali bwino, kungoti nyumba yawakulira chichokereni ana. Dzulo anaphika nsima ya anthu asanu tili awiriwiri, moti m'mawa uno tadya mkute.

Pagulu ndimakuti inu, poti ndiwe bambo wa ana atatu ndipo imvi zayamba kusuzumira m'mutumo. M'kalata muno ndikuti iwe. Ndikanatha kungoimba foni, koma ndimakudziwa: umati "eya, eya, ndamva bambo" maso ali pa kompyuta. Pepala ulipinda, uliponya m'thumba la jekete, tsiku lina ulipeza ndi kuliwerenganso.

Lolemba ndimachotsa kalendala yakale kuseri kwa chitseko cha chipinda cha ana kuti ndipachike yatsopano. Ndinaona masiku ena atazunguliridwa ndi bolopeni yofiira, ija ndinkachongera makope. Awiri mu Epulo, limodzi mu Ogasiti, atatu mu Disembala. Ndinayesa ndi masiku a mpira. Amayi ako ndiwo anandimasulira, kuti mnyamata wako ankazunguliza tsiku lililonse limene iwe wagona m'nyumba muno pamodzi nawo. Masiku 6. Ana anakhala nafe pafupifupi masabata 10 pa maholide atatu a chaka chathachi. Uziti umakhala nawo ku Lilongwe, koma ine ndinawafunsa. Akuti umachoka iwo asanasambe, umabwera atagona, Loweruka uli ku ofesi kapena pa ulendo wa ntchito.

Choncho ndati ndikuuze zimene zinachitika kuno, monga mlonda auzira mwini munda.

Pa Pasaka tinakawatenga ku Wenela ine ndi amayi ako, atanyamula zikwama zazikulu kuposa eni ake. Inali nthawi ya maungu ndi chimanga chootcha, ndipo kam'ng'ono kaja kanadya mondokwa mpaka kutsegula m'mimba. Lachisanu Loyera tinakapemphera ku St Michael and All Angels. Potuluka ndinayamba uphunzitsi wanga uja wosatha: kuti tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, kuti amene anachilinganiza ndi m'busa David Clement Scott yemwe sanaphunzire n'komwe za mapulani a nyumba, kuti njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa ndi anthu akonkuno. Mwana wako wachisamba anasisita khoma ndi chala, nkundifunsa kuti, "Nanga agogo, mayina a amene anaumba njerwawo alembedwa pati?" Ine wa zaka 31 ndikugwira choko ndinangokanda m'mutu. Mtsikanayu ali ndi mutu, ndipo mafunso ake akufuna bambo wokhala pansi.

Sabata yomweyo tinakaona azakhali ako ku Chilobwe. Mabala amene namondwe Freddy anasiya pa phiri la Soche mu Malichi 2023 akuonekabe, ndipo azakhali ako, mwa kulongolola kwawo, anafotokoza zonse ana akumva: matope, miyala, anthu amene anawadziwa. Usiku kunagwa mvula ya pamalata. Mnyamata anabwera kudzagogoda kuchipinda kwathu, akuti akufuna madzi akumwa. Sanali madzi. Anagona kumiyendo kwathu mpaka kucha, ndipo m'mawa anandipempha kuti ndisakuuze. Ndakuuza, koma usamuseke.

Holide yaitali ija ndiyo inali ndi zambiri. Tinapita nawo kumudzi kwa amayi ako ku Chiradzulu, masabata awiri athunthu. Masiku oyamba anali a madandaulo: kulibe intaneti, chimbudzi n'chapanja, madzi akutali. Lachinayi lisanafike mnyamata anali atasowa, ali ndi anzake kumunda kukumba mbewa, ndipo anabwera mbuu ngati wogwa m'phulusa, mano okha ali mbee. Mtsikana anaphunzira kupeta. Choyamba theka la mphale linkathera pansi nkhuku zikusangalala, koma pochoka lichero linali litamumvera. Chichewa chawo chija chodumphadumpha chinawongoka, mpaka kam'ng'ono kanayamba kulandira chinthu ndi manja awiri popanda wokauza.

Tsiku lina ndinawatengera ku Mbombwe, ku PIM. Ndinatulutsa K2000 m'thumba nkuwaonetsa nkhope ya John Chilembwe, nkuwauza kuti munthu ameneyu anayambitsa mishoni yake pamalo pano mu 1900, ndipo mu Januwale 1915 anaukira atsamunda chifukwa cha thangata ndi kutengedwa kwa anthu athu kukafera nkhondo ya eni. Mnyamata anayang'ana ndalama, nkuyang'ana tchalitchi, nkuti, "Ndiye kuti anali munthu weniweni?" Kwa iye 15 Januwale linali tsiku losapita kusukulu basi. Ndinaseka, koma mumtima ndinati mawu amenewa akanagwera m'khutu mwa bambo wake.

Tsono za tsiku la zotsatira. Titabwerera ku Blantyre, mayeso a Sitandade 8 anatuluka, ndipo mtsikana wako anasankhidwa kupita ku sekondale. Amayi ako analulutira mpaka aneba kutuluka. Iye sanadikire kanthu, analanda foni yanga nkukuimbira. Ndinali pafupi, ndinamva. Unati, "Ndili pa msonkhano, ndikuimbiranso." Anakhala pakhonde foni ili pamiyendo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa Michiru. Amayi ako anapha nkhuku, iye anangotsinako. Madzulo kunalowa uthenga wa ndalama ya pafoni, K50,000, ndi mawu akuti mumugulire chimene akufuna. Unaimba m'mawa mwake. Anakuyankha bwinobwino, mwaulemu, monga amayankhira ahedi. Ulemu umenewo ndi umene unandiopsa ine.

Pali china chimene amayi ake ayenera kuti anakuuza: mwanayu anakula m'holide yomweyo. Za malangizo anazisamala amayi ako ndi azakhali ako, si zanga ndipo si zako. Chako n'chakuti tsopano wayamba kuyeza amuna onse ndi muyeso wa bambo wake. Zaka zinayi za sekondale zikatha udzapeza mayi wamkulu amene amakupatsa moni atagwada koma osakuuza kanthu.

Usaganize kuti ndikulankhula ngati munthu woyera m'manja. Ukukumbukira 6 Julayi ya chaka chimene unali Sitandade 5? Ndinakulonjeza kuti tipita ku Kamuzu Stadium kukaona zisangalalo za ufulu ndi mpira. Unapolisha nsapato zako za kusukulu usiku, m'mawa unavala nkukhala pakhonde lomweli. Ine ndinatuluka kuti ndikaphunzitse ana a patitaimu maola awiri okha, ndinabwera kutada. Unali utagona pamkeka nsapato zili kumapazi. Holide iliyonse ndinali wotero: ngati si patitaimu ndiye kuchonga mayeso, zonse ndikuti ndikusaka fizi yanu. Fizi inapezeka, munaphunzira, sindinong'oneza bondo pa zimenezo. Koma lero ndikafuna kucheza nawe ndimachita kulemba kalata. Pamene ndinaona mdzukulu wanga pakhonde paja ndi foni pamiyendo, ndinaona nsapato zija.

Za Khirisimasi sindichulutsa, unalipo. Unafika pa 24 galimoto itadzaza mpaka kugwada: mpunga wa Kilombero, nkhuku, makireti a zakumwa, zovala, kagalimoto koyendera mabatire. Tinathokoza ndipo tikuthokozabe. Koma pa masiku atatuwo, limodzi linathera kwa anzako ku Limbe, lina foni ili kukhutu ukuzungulira mtengo wa mapeyala. Kagalimoto kanathyoka gudumu pa 26. Ukawafunsa ana chimene akukumbukira, akuuza za usiku wa pa 22, iwe usanabwere. Mvula itakata madzulo magetsi anazima, ndipo ngumbi zinatuluka. Tinayatsa nyali pakhonde, beseni la madzi pansi pake. Kam'ng'ono kanayamba n'kuthawa kakulira, kenako kanayamba kutola imodziimodzi ndi tizala take, kakuwerenga mokweza nkumasokoneza pakafika pa 7. Amayi ako anazikazinga ndi mchere pang'ono pambaula, tinadya mumdima tikuwauza nthano za kalulu. Sitinawononge ngakhale tambala.

Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Apongozi athu sanadandaule, ndi munthu wosunga pakamwa, koma amayi ako anaona nkhope yawo pamene nkhani ya fizi ya teremu yachiwiri inatchulidwa. Ngati katundu uja anachokera ku ngongole, kaya ya kuntchito kaya katapila, usadzachitenso chifukwa cha ife. Januwale sachita manyazi. Amabwera ndi fizi, yunifolomu, lendi, ndipo chimanga pamsika chimakhala chitakwera. Ife nkhuku tili nazo kuseri, mpunga wa tsiku limodzi sutikanika. Ndikudziwa chimene chimakuchititsa: umafuna kulipira masiku amene unasowa. Inenso ndinkabwera ndi buledi wamkulu ndikalakwa.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Mwezi uno, anzako asanatole masiku abwino, kalembetse tchuthi chako kuti chigwere m'holide yaitali, masabata awiri osadukiza. Ubwere nawo wekha, osati kuwakweza basi ngati katundu nkutitumizira nambala ya kondakitala. Sikuti uwatengere kunyanja ayi. Ku Museum ku Chichiri kuli injini ya sitima yakale imene mnyamata wakhala akuifunsa, ndipo ine bondo silindilola kuima nthawi yaitali. Ukafuna kupita patali, Mulanje ndi pompa, mukasambe ku Likhubula nkubwerera tsiku lomwelo. Ngakhale kuchigayo kwenikweniko, bola apite ndi iwe, foni itatsala m'dirowa. Pasaka ikubwerayi uwapititse kwa agogo awo akuchikazi. Nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo amalume awo ayenera kuwadziwa anawa. Ife tidikira Ogasiti.

Nsapato imodzi ya kam'ng'ono tinaipeza pansi pa bedi, ya kumanzere. Tipatsira munthu wobwera kumeneko. Amayi ako akuti apongozi awatumizire muyeso wa mtsikana, akufuna kumusokera diresi la kutchalitchi, poti lija lafupika.

Bawo ndalisunga pamwamba pa kabati. Mnyamata ndamuphunzitsa mokwanira, moti pa Disembala anandidya kawiri ine ndikuyesetsa ndithu. Akuti akufuna adzakugonjetse pamaso pa agogo ake aakazi, ndiye uyambe kukumbukira kasewedwe. Ukalembetsa tchuthi undiuze masiku ake. Kalendala yatsopano ndapachika pamalo pomwe paja, bolopeni ili pawindo.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine bambo ako.