Mankhwala asamadukire pa Chiponde

A Mkonzi,

Tiloleni tinenepo za anthu amene kuno ku Mangochi ndi ochuluka kwambiri, koma dongosolo la zaumoyo limawaona ngati ongodutsa. Tikunena za mnyamata amene watsika basi ya ku Joni ndi kachikwama kamodzi, mayi wa ku Mandimba amene wawoloka pa Chiponde mwana wotentha thupi ali kumsana, mlovi amene mwezi uno ali ku Makanjira koma mwezi wamawa adzakhala atatsata usipa ku Msaka kapena ku Malembo, komanso othawa nkhondo amene amaopa ngakhale kutchula dzina lawo pawindo lolembetsera. Zipatala zathu zinakonzedwa poganizira munthu wokhazikika, amene ali ndi mudzi umodzi, mfumu imodzi ndi chipatala chimodzi. Munthu akangosuntha, chithandizo chake chimaduka. Kudukako n'kumene kukupha anthu, pamene mankhwala ake alipo.

Tiyambe ndi ma ARV, chifukwa apa ndi pamene vutoli limaonekera bwino. Akuluakulu ambiri ku Malawi, ku Mozambique ndi ku South Africa akumwa mankhwala amodzimodzi: mbulu umodzi patsiku wokhala ndi tenofovir 300 mg, lamivudine 300 mg ndi dolutegravir 50 mg, umene achipatala amati TLD. Chimasiyana ndi dzina la kampani pabotolo, mtundu wa chivindikiro, nthawi zina ndi maonekedwe a mbuluwo. Choncho munthu wochokera ku Durban safunika kuyambanso pachiyambi akafika ku Namwera. Chofunika ndi umboni wa zimene wakhala akumwa. Koma taonani zimene zimachitika. Wabwera mwadzidzidzi, mwina kunali maliro, mwina anamugwira ndi kumusunga ku Lindela, malo osungira obwezedwa kwawo ku South Africa, asanamukweze basi. Khadi linatsala m'kachipinda ka lendi. Kwawo mkazi sakudziwa kuti amamwa mankhwala. Ndiye amakhala chete miyezi itatu, inayi, mpaka thupi litayamba kutha. Akabwera kuchipatala amayezetsa magazi ngati munthu watsopano, osanena kuti anayamba kale ndipo anasiya.

Kubisako kuli ndi mtengo wake. Munthu amene anadukiza mankhwala kwa miyezi amafunika kumuyeza CD4, chiwerengero cha asilikali oteteza thupi m'magazi. Akapezeka kuti ali pansi pa 200, pamafunika kuyeza mkodzo pofufuza TB ndi kuyeza magazi pofufuza kachilombo koyambitsa matenda oumitsa khosi kotchedwa cryptococcus, asanapatsidwe botolo n'kuuzidwa kuti azipita. Wachipatala akapanda kufunsa, zonsezi zimalumphidwa, ndipo pakatha masabata angapo munthuyo amabwera atanyamulidwa, mutu ukumupweteka koopsa. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi munayamba mwamwapo mankhwalawa kwina kulikonse, ngakhale kunja?" Lifunsidwe pambali, m'Chiyao ngati ndicho chinenero chake, komanso popanda mawu oti "munali kuti nthawi yonseyi?" Munthu amene wakalipiridwa pagulu sabweranso.

Malangizo a Unduna wa Zaumoyo amalola chipatala chilichonse chopereka ma ARV kupatsa mlendo mankhwala a mwezi umodzi akaonetsa khadi kapena buku lake la kuchipatala. Ambiri sadziwa zimenezi. Amalolanso kuti munthu amene akumwa bwino, ndipo tizilombo m'magazi mwake tatsika, alandire a miyezi 6 pakamodzi. Kwa mlovi kapena wopita ku Joni, imeneyi si mphatso koma njira yokhayo yoti asadukize. Tikupempha anzathu a m'zipatala kuti munthu akanena kuti ali paulendo, asamulangize za kuipa kwa ulendowo. Apita basi. Mulembereni kalata yosamutsira yokhala ndi tsiku limene anayamba, dzina la mankhwala, zotsatira zomaliza za kuchuluka kwa tizilombo m'magazi ndi tsiku lake, kenaka mumuuze aijambule pafoni. Pepala limanyowa m'bwato, limang'ambika m'thumba la jinzi, limatayika pa Beitbridge. Chithunzi chimene wadzitumizira pa WhatsApp chimakhala.

TB ndiyo sikhululuka n'komwe. Mankhwala ake ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu inayi, miyezi 4 yotsatira mitundu iwiri. Pakatha masabata ochepa chifuwa chimaleka, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndipo apa ndi pomwe munthu amaganiza kuti wachira n'kukwera basi kubwerera kuntchito. Tizilombo totsalato ndi timene tingadzapime mankhwala. Amene wadukiza miyezi iwiri kapena kuposerapo asangopatsidwa mibulu kuti apitirize pamene analekera. Apereke makhololo, ayezedwe pa makina a GeneXpert, amene amaonetsanso ngati rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, sakugwiranso ntchito. Ndipo pali kanthu kena kamene kamaiwalika munthu akamalandira mankhwala m'malo awiri: rifampicin amachepetsa mphamvu ya dolutegravir m'thupi, choncho amene akumwa zonse ziwiri amafunika kambulu kowonjezera ka dolutegravir 50 mg pakatha maola 12. Ngati a TB anayambira ku Gauteng ndipo ma ARV akutengera kuno, mbali iliyonse osadziwa za inzake, kambulu kameneka palibe amene angakakumbukire. Obwera kumene kuchokera kumalo osungira anthu mothithikana, ndi madala athu amene anagwira m'migodi nthawi ya Theba n'kupuma fumbi la miyala, ayenera kufunsidwa za kutsokomola, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda ngakhale abwere ndi vuto lina.

Malungo nawo amachita chiwembu kwa matchona. Ku Johannesburg kapena Cape Town kulibe udzudzu wofalitsa malungo monga kuno, ndipo munthu akakhalako zaka, chitetezo chimene thupi lake linazolowera ali mwana m'mbali mwa nyanja chimachepa. Amabwera pa Khirisimasi kapena pa Idi, amagona popanda neti chifukwa kwatentha, pakatha sabata ndi theka thupi layamba kuphwanya, iye n'kumati ndi kutopa kwa ulendo. Ana obadwira kunja ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, popeza sanakumanepo ndi malungo chibadwire. Mlendo wotere akatentha thupi ayezedwe tsiku lomwelo. Wamkulu amamwa LA mibulu 4 pakamodzi, ina 4 pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira, yonse pamodzi 24, ndipo amwere pa chakudya cha mafutako. Amene wadwala atabwerera kale ku Joni anene msanga kuti anali ku Malawi, chifukwa achipatala a kumeneko sangayambe aganiza za malungo.

Za katemera tingonena mwachidule. Mwana wobadwira ku South Africa amabwera ndi kabuku kake ka Road to Health, wa ku Mozambique ndi khadi la Chipwitikizi. Ndondomeko zake sizifanana ndendende ndi zathu. Kuno katemera wa chikuku ndi pa miyezi 9 ndi 15, ndipo Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene amapereka katemera wa malungo pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Mlangizi wa zaumoyo akopere zimene mwanayo analandira m'buku lathu n'kupitiriza pa zotsala, osati kubweza mayi chifukwa khadi lake n'lachilendo. Tonse tikukumbukira kuti poliyo itapezeka ku Lilongwe mu February 2022, miyezi yotsatira inapezekanso ku Tete.

Tsopano nkhani imene imautsa mapiri pachigwa: anzathu a ku Mozambique. Sitikana kuti zipatala za m'malire, ku Katuli, ku Namwera, ku Makanjira, zimalandira anthu ambiri a tsidya linalo, pamene mankhwala amawerengedwa potengera anthu a boma lino, amene pa kalembera wa 2018 anali oposa 1.1 miliyoni. Madandaulo oti mankhwala akutha msanga ndi omveka. Koma kuwabweza kapena kuwaopseza ndi chitupa sikuthetsa kanthu. Chimene chimachitika n'chakuti munthu amangotchula mudzi wa m'bale wake wa kuno, ndipo ambiri abale ali nawodi, poti malirewo anadutsa pakati pa mabanja a Chiyao amodzimodzi. Zikatero kaundula wathu amanama. Mlangizi akapita kukafuna mayi amene sanabwerenso kusikelo, kapena wodwala TB amene wasowa, amapeza kuti m'mudzimo mulibe munthu wotero. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi anali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, kudziwa kumene wodwala wachokeradi ndiko kunkathandiza kupeza chitsime kapena doko limene lili ndi vuto. Maganizo athu ndi akuti m'kaundula mukhale malo olemba mudzi weniweni ndi dziko, wodwala atatsimikiziridwa kuti sabwezedwa. Pakatha chaka, boma likhoza kukhala ndi chiwerengero chenicheni chopita nacho ku Unduna ndi kwa akuluakulu a zaumoyo a chigawo cha Niassa pokambirana za mankhwala. Panopa timangodandaula popanda nambala.

Othawa kwawo ovomerezeka malamulo amati azikhala ku Dzaleka, ku Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000 koma lero uli ndi oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Chichitikireni ntchito yowabwezera kumsasako mu 2023, aliyense wolankhula Chiswahili kapena Kirundi amene ali kunja kwa msasa amaopa malo aliwonse ofunsa dzina. Za malamulo olowera m'dziko zili ndi eni ake. Namwino ntchito yake ndi mayi amene akutaya magazi, ndipo mayi amene waopa kubwera amaberekera kuseri kwa golosale. Dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi panthawi ya nkhondo ya kwawo, tili osauka kuposa lero, choncho kulandira mlendo wodwala si chinthu chachilendo kwa ife.

Pa chinenero pamafunikanso kusamala. Mwana wa zaka khumi asamakhale womasulira pamene mayi ake akufotokoza za kumaliseche, ndipo mwamuna amene wabwera ndi mtsikana n'kumayankha mafunso onse m'malo mwake asiyidwe panja kwa mphindi zisanu. Umo ndi mmene ozembetsedwa amadziwikira: alibe chiphaso m'manja mwawo, sadziwa dzina la malo amene akugona, amayang'ana kaye wowaperekezayo asanayankhe. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limawatenga otere ngati ofunika chitetezo. Wogwiriridwa panjira ayenera kuyamba mankhwala oteteza ku HIV pasanathe maola 72 n'kumwa masiku 28, ndipo asauzidwe kuti akayambe watenga kalata kupolisi. Pofuna thandizo pa nkhani za ana, nambala yaulere ndi 116.

Kumadoko, vuto lalikulu ndi nthawi. Mlovi amagwira usiku pa chilimira, amafika kumtunda m'bandakucha, amagulitsa, amagona. Akamadzuka chipatala chatseka, kapena mzere wafika pamsewu. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amagawidwa kwambiri m'sukulu, koma amene amakhala m'madzi tsiku ndi tsiku ndi iyeyu, ndipo likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Mlingo wa mankhwalawa ndi 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kumwa kamodzi atadya. Chipatala choyendayenda chikafika padoko masana, makamaka masiku a mwezi wowala pamene ambiri sapita panyanja, chitanyamula praziquantel, zoyezera HIV ndi malungo, makondomu, timabotolo ta makhololo ndi klorini wothira m'madzi akumwa, chingaone anthu ambiri tsiku limodzi kuposa amene angabwere okha mwezi wonse. Makomiti a m'madoko ndiwo akudziwa tsiku loyenera, afunsidwe.

Tisaiwale mbali imene si ya mibulu. Mnyamata amene banja linagulitsa munda kuti apeze thiransipoti, akabwezedwa chimanjamanja amalowa m'nyumba osatulukanso. Sagona, sadya, ena amayamba chamba ndi mowa. Amene anaona anzawo akumenyedwa pa ziwawa zodana ndi alendo za 2008, 2015 kapena 2019 ena mpaka lero amadzidzimuka usiku. Uku ndi kudwala, ndipo kuchipatala cha boma kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo; sikuti aliyense amatumizidwa ku Zomba. Mashehe, abusa ndi mafumu akhoza kuthandiza kwambiri pongomuyendera munthu wotere sabata yoyamba n'kumufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikuika maganizowo m'mutu mwake. Palinso ana amene atsala ndi agogo, ndalama za ku Joni zitasiya kubwera, ndi ana obadwira kunja amene alibe chikalata chakubadwa cha dziko lililonse. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi a NRB, bungwe la boma lolemba anthu m'kaundula, akanamapita limodzi m'madera amene anyamata amachokamo kwambiri, ana otere akanalembedwa asanafike msinkhu wa mayeso.

Kwa mabanja amene ali ndi wachibale kunja, pempho lathu ndi laling'ono. Akamaimba kuti akubwera, muuzeni ajambule khadi lake la kuchipatala mbali zonse ziwiri, ajambulenso chizindikiro cha pabotolo, ndipo mankhwalawo aike m'thumba limene ali nalo pathupi, osati m'katundu wa m'ngolo ya basi amene nthawi zina amafika patatha sabata. Neti muikonzeretu. Akafika, apite kuchipatala mibulu isanathe, ngakhale botolo lopanda kanthu alitenge. Ngati sakudziwa koyambira, aimbe ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere.

Ndife,
Ena mwa ogwira ntchito zaumoyo ndi zachisamaliro cha anthu,
Mangochi