Kalata ya Tadala yochokera ku Glasgow

Glasgow, 4 Januwale

Wokondedwa Tadala,

Ndine malume ako. Muli bwanji nonse ku Chilomoni? Amayi ako andiuza kuti tsopano umawerenga wekha, ndiye kalatayi ndalembera iweyo. Pamene pakuvute ufunse agogo, koma uyambe wayesa kaye wekha.

Tsiku lija pa foni unandifunsa ngati anthu a kuno ku Scotland amangogona kukazizira. Ayi ndithu! Nthawi ya mdima ndi chisanu ndi imene amachita zisangalalo zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimakhala ndi moto kapena nyale.

Zimayamba mu Okutobala. Masamba a mitengo amasanduka achikasu, ena ofiira, kenako amayoyoka onse, n'kutsala nthambi zokhazokha. Mtengowo sikuti wauma, udzaphukanso. Lamulungu lomaliza la mweziwo, usiku, dziko lonse limabweza mawotchi ndi ola limodzi. N'chifukwa chake masiku ano ikakhala 8 koloko kwanuko, kuno imakhala 6 koloko. Dzuwa nalo limayamba ulesi. Mu Disembala limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa, ndipo isanakwane 4 koloko madzulo lalowa kale. Msuweni wako Yamikani akamafika kunyumba kuchokera kusukulu, magetsi a mumsewu amakhala atayamba kuyaka.

Pa 31 Okutobala pamakhala Halloween. Ana amavala zovala zodabwitsa, ena kudzipaka utoto kumaso kuti asazindikirike, n'kumayenda khomo ndi khomo. Mwambo wa kuno ndimaukonda chifukwa maswiti sapereka ulere. Mwana akagogoda, mwini nyumba amamuuza kuti aonetse kaye zomwe amatha. Ndiye uimbe nyimbo, ulakatule ndakatulo, kapena unene nthabwala, ukatero m'pamene amakuponyera maswiti, mtedza kapena apozi m'kachikwama kako. Yamikani anavala ngati mphaka, ndi ndevu zojambula ndi mchira wa sokosi yanga yakuda. Atafika pa nyumba ya agogo ena oyandikana nafe, manyazi anamugwira, nthabwala yomwe anakonzekera anaiiwala. Anangoima chilili, akupotokola mchira uja. Kenako anayamba kuimba kanyimbo ka Chichewa kamene agogo ako ankatiimbira tili ana. Agogo a kunowo sanamve liwu ngakhale limodzi, koma anaomba m'manja, n'kumupatsa maswiti kawiri.

Palinso sewero lina loti iweyo ungalithe. Amathira madzi m'beseni, n'kuikamo maapozi. Manja onse kumbuyo, ugwire apozi ndi mano okha. Apoziyo amathawathawa, ukamati walumako wamira, ndipo umadzuka nkhope yonse ili noninoni. Ukayese ndi anzako, mango nawonso angathe ntchito, bola amayi ako avomere beseni lawo.

Usiku umenewo pa makomo pamakhala maungu obooledwa maso ndi pakamwa, m'kati mwake mukuyaka kandulo. Kale anthu a kuno analibe maungu, ankaboola chomera china cholimba kwambiri chomwe amachitcha neep, mpaka zala kuwawa. Dzungu ndi lofewa, n'chifukwa chake analitengera. Chomwe chimandipweteka n'chakuti m'mawa mwake ambiri amangolitaya. Lathu ife tinachotsa nthanga n'kukazinga, ndipo zomwe tinakumba m'kati aantiako anaphika.

Pasanathe sabata, pa 5 Novembala, kumabwera usiku wa chimoto ndi makombola. Umenewu uli ndi nkhani yake. Kalekale, mu 1605, munthu wina dzina lake Guy Fawkes ndi anzake anabisa migolo 36 ya onga pansi pa Nyumba ya Malamulo ku London. Ankafuna kuiphulitsa mfumu James ili momwemo. Anamugwira usiku asanayatse, mfumu inapulumuka, ndipo anthu anasonkha moto m'misewu posangalala. Mpaka lero amasonkhabe. Anthu amasonkhana pabwalo atavala majekete, zipewa ndi magolovesi, ana atawaika pamapewa, onse maso kumwamba. Makombola ake si aja ang'onoang'ono a pa Nyuwere kwathu, awa amadzaza thambo lonse ndi mitundu. Ine phokoso lake silindisangalatsa kwenikweni, ndipo agalu amavutika nalo, amabisala kunsi kwa bedi. Ndimapitira moto. Ukaima pafupi, nkhope imatentha pamene msana ukuzizidwa, ngati mmene timaothera moto kumudzi mu Juni.

Za Khirisimasi sindichulukitsa, poti ukuidziwa. M'misewu ya m'tauni amapachika tinyale tambirimbiri, m'nyumba amaimika mtengo n'kuukongoletsa. Amadya nkhukundembo, mbatatesi yootcha ndi timakabichi ting'onoting'ono tomwe Yamikani amatibisa pansi pa mpeni. Ife tinaonjezera mpunga ndi nkhuku, apo ayi sikanakhala Khirisimasi. Koma udziwe chinthu chodabwitsa: kwa zaka zambirimbiri kuno kunalibe tchuthi cha Khirisimasi. Mu 1640 aphungu a ku Scotland anaika lamulo lothetsa tchuthicho, ndipo tsikuli linadzakhala holide ya dziko lonse mu 1958. Agogo oyandikana nafe aja amakumbukira bambo awo akupita kuntchito pa 25 Disembala.

Ndiye chimwemwe chonse anthu anachisungira usiku wotsiriza wa chaka, umene amautcha Hogmanay. Umenewu ndiye waukulu, moti amapuma masiku awiri, pa 1 ndi pa 2 Januwale. Masana a pa 31 anthu achikulire amasesa ndi kukolopa nyumba yonse, ndipo amati ngongole uzibweze chaka chisanathe. Ikakwana 12 koloko usiku mabelu amalira, anthu amagwirana manja mozungulira n'kuimba.

Tsopano mvera zomwe zinandichitikira ine. Anthu a kuno amati munthu woyamba kulowa m'nyumba chaka chikangoyamba ndi amene amabweretsa mwayi wa chaka chonse. Amafuna akhale mwamuna wamtali, wa tsitsi lakuda, ndipo asabwere chimanjamanja. Agogo aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti mumsewu monse muno palibe wina woposa ine. Paja amalume akowa ndi atali, mpaka amawerama pa chitseko cha agogo ako.

Ndiye itatsala pang'ono kukwana 12 koloko ndinaima panja pa khomo pawo. M'dzanja limodzi ndinali ndi kachidutswa ka malasha, kuti nyumbayo isasowe moto. M'dzanja lina ndinali ndi mabisiketi a batala, kuti isasowe chakudya. Ena amatenganso kachasu wa kuno, koma ine ndinatenga paketi ya tiyi wa ku Thyolo yomwe amayi ako ananditumizira. Kunkawaza kamvula, zala zinachita dzanzi, mpweya wanga ukuoneka potuluka m'kamwa. Sindikanatha kulowa nthawi isanakwane, mwambo sulola. Mabelu atangolira ndinagogoda. Anatsegula, ndinalowa, ndinapereka mphatso zanga, ndipo agogowo anandigwira masaya ndi manja awo onse awiri ofunda. M'nyumbamo munali ana awo ndi adzukulu, tinakhala mpaka 2 koloko. Malasha aja anawaika pashelefu, pakuti masiku ano nyumba yawo imatenthedwa ndi gasi.

Pa TV anaonetsa za ku Stonehaven, tauni ya m'mbali mwa nyanja. Kumeneko pakati pa usiku womwewo anthu amayenda mumsewu akuzunguza mipira ya moto pamwamba pa mitu yawo, yomangidwa ku waya wautali, kenako amaiponya m'madzi padoko. Zimenezi usayese, wamva? Ndipo sizinathe. Lachiwiri lomaliza la mwezi uno, ku Lerwick, pa zilumba za Shetland kumpoto kwenikweni, amuna ndi akazi onyamula miuni adzaotcha chingalawa chachikulu chamatabwa chimene akhala akuchikhoma kwa miyezi. Amakhoma chaka chilichonse, n'kuotchanso.

Ndikudziwa kuti ukudikira za chipale chofewa chija umachiona m'zithunzi. Kuno ku Glasgow mvula ndi imene imachuluka, chipalecho chimagwa mwa apo ndi apo. Chikagwa, Yamikani amathamangira panja kukaumba chimunthu, mphuno yake n'kuika karoti. Usiku kukazizira kwambiri madzi amaundana pamsewu, ndiye kumadutsa malole owaza mchere kuti galimoto zisaterereke. Inde, mchere! Ukawauze agogo, uone ngati akhulupirire.

Undilembere za kwanuko. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika pati? Ngumbi munagwira chaka chino? Yamikani sanazilawepo ndipo sakhulupirira kuti zimakoma, ndiye umulembere wekha umufotokozere. M'envulopu muno waikamo tsamba lofiira lomwe anatola mu Okutobala n'kuliumitsa m'buku. Ulitulutse bwinobwino, limathetheka msanga.

Upereke moni kwa agogo, amayi ako, abambo ako ndi kamlongo kako. Aantiako akuti nsapato za kusukulu zibwera ndi munthu mwezi wamawa, koma utiuze saizi yomwe ukuvala pano.

Ndine malume ako wokukonda