Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: aphunzitsi odziwa kupanga mapulogalamu akutithawa

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni. Ndine mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale yakumudzi. Ndalemba poyera chifukwa makalata amene tinatumiza m'njira yake sanayankhidwe.

Teremu yathayi mphunzitsi wathu wa Sitandade 2 anatula pansi ntchito. Anapita m'tauni kukakonza maphunziro a pa tabuleti kukampani ina yopanga mapulogalamu a ana. Mayi ameneyu ndiye ankadziwa chochita mwana akamasokoneza "b" ndi "d", ndiye ankatha kukhazika pansi ana olongolola ndi kanyimbo kamodzi ka maphatikizo. Za kompyuta anadziphunzitsa yekha usiku pa laputopu yapakaunjika, bandulo akugula ndi ndalama ya ndiwo. Atachoka tinaphatikiza makalasi awiri. Lero mphunzitsi mmodzi amaima pakhomo, phazi lina m'kati lina kunja, chifukwa ana ena akhala pansi m'kalasi pomwe ena adzaza pakhonde. Ikamakwana 10 koloko mawu amakhala atasasa. Makope amapita nawo kunyumba m'thumba la feteleza, ndipo samaliza kuchonga. Ana akumbuyo amangoyendetsa milomo anzawo akamawerenga mokweza, koma ukamulozera mmodzi liwu pabolodi amangoyang'ana pansi. Ana amenewa chaka chamawa adzakhala mu Sitandade 3, a Nduna, asakudziwa kulemba dzina lawo.

Mayiyu sindimuimba mlandu. Anayamba wapempha kuti amulole akaphunzire ntchitoyi kenako adzabwerere, koma anauzidwa kuti asankhe chimodzi. Inu mukanasankha chiyani? Malipiro amatha mwezi usanafike pakati, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Akatapila amatidziwa mayina tonse. Ena tatha zaka zambirimbiri pagiredi imodzi. Ndipo si yekhayu. Tikakumana kuzoni, nkhani ndi yomweyi, kuti wakutiwakuti akuphunzira kupanga mapulogalamu, akangopeza mwayi wapita. Boma linawaphunzitsa kumakoleji a uphunzitsi (TTC) ndi msonkho wa anthu. Tikulima ndife, okolola ndi ena.

Matabuleti sitikuwakana ayi. Ndondomeko ya BEFIT imene inayamba mu 2023, yofuna kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma, ndi yotamandika. Mwana akavala mahedifoni n'kumva pulogalamu ya onecourse, ya bungwe la onebillion, ikumuyankhula m'Chichewa, amaphunzira pa liwiro lake, ndipo akalakwitsa palibe womuseka. Pamenepo tikukuthokozani. Koma nanga za Sitandade 5 kupita m'tsogolo adzakonza ndani? Za ulimi, za sayansi? Nanga mwana wa ku Karonga kapena ku Mangochi amene kunyumba sayankhula Chichewa? Amene angakonze zimenezi bwino ndi munthu woti choko chinamuyeretsapo m'manja, wodziwa pamene mwana amakakamira. Anthu otero tili nawo, koma kuti agwire ntchitoyi ayenera kutuluka kaye m'boma.

Malonjezo tawamva ambiri. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi sanapepukepo. Mapulani a unduna amati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Kwathu kuno nambala imeneyo timangoiwerenga papepala. Nyumba za aphunzitsi tinalonjezedwa. Kukwezedwa pantchito tinalonjezedwa. Chonsecho achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale otchedwa IPTE akhala akudikira kwawo nthawi yaitali asanalembedwe, ena akugulitsa mayunitsi pamsika.

Pempho langa nali. Tsegulani malo a ntchito ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kumene silabasi ndi mabuku athu amakonzedwa, oti aphunzitsi aluso azikakonzako maphunziro a pa tabuleti kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, giredi ndi penshoni yawo zili chikhalire, kenako n'kubwerera kudzaphunzitsa anzawo kuzoni. Ntchito imeneyo iziwerengedwa pokweza munthu. Ndipo mphunzitsi aliyense asananyamuke, womulowa m'malo, kuchokera mwa a IPTE akudikira aja, azikhala atafika kale pasukulupo.

Tiyankheni poyera, a Nduna, ndipo ndalama yake tiione m'bajeti ikubwerayi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu, sukulu ina yakumudzi