Tiuzeni matenda amene anatenga azakhali athu

Akonzi,

Ndili ndi zaka 29, ndipo pakangotha masabata atatu madokotala andichotsa mabere onse awiri. Kalatayi ndikulemba usiku tulo titakana. Ndikufuna ifike kwa makolo amene akafunsidwa chomwe chinapha m'bale wawo amangoyankha kuti "anadwala basi."

Kachotupako ndinakapeza ndikusamba, kubere lakumanzere chakufupi ndi kukhwapa. Kanali kolimba, kosapweteka, kukula kwake ngati nsonga ya chala chaching'ono. Atadulako kachidutswa n'kukayeza anapeza kuti ndi khansa. Kenako adokotala anatenga pepala n'kuyamba kundifunsa za abale: ndani anadwalapo khansa, ali ndi zaka zingati? Ine ndinatchula akuchimayi okhaokha, onse abwinobwino. Iwo anati, "Nanga kwa bambo anu?" Ndinasowa chonena.

Madzulo ake ndinawaimbira bambo. Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinkaona ngati foni yaduka. Kenako anandiuza kuti azakhali anga, amene anamwalira ali ndi zaka 38, linali bere. Agogo obereka bambowo inali khansa ya m'thumba la mazira. Azakhaliwo ndimawakumbukira bwino. Ndinali ndi zaka 9, ndipo ndinkawaona atakhala pampando atagwirizira kansalu pachifuwa, nkhope ili yotuwa. Ife ana ankangotiuza kuti tikasewere panja. Zaka 20 zapita popanda wina wotchula dzina la matendawo.

Magazi anga atayezedwa anasonyeza kuti ndili ndi vuto pa BRCA1. Aka ndi kamodzi mwa timalangizo ta chibadwa timene timakhala m'maselo athu, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza kukonza zowonongeka m'maselomo. Kakabadwa kolakwika, khansa imapeza mpata msanga. Akatswiri anakatulukira mu 1994, ine ndisanabadwe n'komwe, ndipo kanzake ka BRCA2 mu 1995. Kholo limene lili ndi vutoli, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, limatha kupatsira mwana aliyense, ndipo mpata wake ndi theka kwa theka. Khansa ya m'mawere yakumtundu si yochuluka, ndi anthu 5 mpaka 10 mwa odwala 100 alionse. Koma mwa akazi amene atengera vuto la BRCA1, oposa theka amadzadwala khansayi pamoyo wawo, ambiri adakali aang'ono. N'chifukwa chake ndavomera kuti bere lakumanjali lichokenso ngakhale lilibe kanthu pakadali pano.

Bambo sindikuwaimba mlandu. Iwo sankadziwa kuti mwamuna angapatsire mwana wake wamkazi matenda a m'mawere, ndipo anthu ambiri sadziwa. Koma ndikanamva nkhani ya azakhali kale, ndikanayamba kupimitsa ndili ndi zaka 25, monga madokotala amalangizira akazi a vuto langali.

Kukonzekera opaleshoni kwandiphunzitsa tinthu tomwe sindinkatiganizira. Anamwino anandionetsa timapaipi tomwe adzandisiyire m'mbali mwa chifuwa kuti tizitulutsa madzi a pabala kwa sabata imodzi kapena awiri. Anandiuza kuti manja sadzakwera m'mwamba masiku oyambirira, ndiye ndasankha malaya a mabatani kutsogolo okhaokha, ndatsitsanso zonse zimene zinali pamwamba pa kabati. Ndikuyeserera kugona chagada, ine wozolowera chafufumimba. Khungu la pachifuwa akuti mwina silidzamvanso kukhudza ngati kale. Zonsezi ndazilandira. Chimene chikundiliza n'chakuti ndikadzakhala ndi mwana sindidzamuyamwitsa. Dzulo ndinaima pagalasi nditavula, n'kudziyang'ana nthawi yaitali kuti ndisadzaiwale mmene ndinalili.

Ena, mwachikondi ndithu, akundifunsa kuti, "Udakali mtsikana, adzakukwatira ndani?" Funso limeneli limapweteka kuposa singano zonse zimene ndabayidwa. Azakhali anga anapita ndi mabere awo onse, n'kusiya ana atatu. Ine ndikufuna ndidzaone zaka 39.

Makolo, khalani pansi ndi ana anu muwauze: uje inali khansa ya bere, uje ya thumba la mazira, uje ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala kunsi kwa chikhodzodzo), ndipo anali ndi zaka zakuti. Tchulani mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi. Inunso azaumoyo, mtsikana akabwera ndi chotupa musathamangire kumuuza kuti ndi wamng'ono kwambiri kuti angadwale khansa. Mufunseni za kumtundu kwake.

Mng'ono wanga wazaka 24 wavomera kukayezetsa magazi sabata yamawa. Akapezeka nalo vutoli adzakhala ndi nthawi yosankha asanadwale, pakuti kuchotseratu mabere kumachepetsa chiopsezo ndi 90 pa 100 kapena kuposerapo, komanso pali njira yongopimitsa pafupipafupi. Mlongo wanga yekha ndiye akukanabe, akuti zimenezi n'za akazi. Ali ndi mwana wamkazi wazaka ziwiri, ndipo mawa ndimuimbiranso.

Ine wowerenga wanu,
Mtsikana wodikira opaleshoni