Utsi wa kudzala ukudwalitsa ana athu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mpweya womwe tikupuma m'makomboni mwathu chilimwe chino. Dzuwa likangopendeka, khomo ndi khomo layatsa dzala: masamba, majumbo, matewera, mabotolo, pena ndi matayala omwe. Uko uvuni wa njerwa ukufuka, kuphiri osaka mbewa atentha tchire. Mwana wanga wa zaka 4 amachezera kutsokomola, pachifuwa pakulira ngati mluzu, ine n'kukhala naye tsonga mpaka tambala woyamba.

Ambirife timaganiza kuti utsi ukabalalika ndiye kuti zatha. Koma mumpweya mumatsala tinthu tosaoneka ndi maso tomwe akatswiri amati PM2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi wamba limakodwa m'mphuno, timamina n'kutuluka. Koma iti timatsika mpaka mkatikati mwa mapapo, tina timalowa m'magazi, ndipo timathandizira kuyambitsa chibayo, mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatsitsa mlingo wa pachaka wa tinthuti womwe limati usapitirire, kuchoka pa mamicrogram 10 kufika pa 5 mu cubic metre imodzi ya mpweya, litaona kuti ngakhale tochepa timavulaza.

Tikalankhula za utsi, yankho limangokhala mbaula. Inenso ndimaphikira chitetezo mbaula, ndipo nkhuni imapulumutsadi. Koma pa kafukufuku yemwe adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, mabanja adapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, chibayo cha ana osakwana zaka 5 osachepa. Ine sizidandidabwitse. Mwana sapumira kukhitchini kokha. Amasewera pabwalo, amadutsa pamsika ali kumbuyo, amagona m'nyumba yomwe utsi wa majumbo walowa kale pazenera.

Aneba anga sindingawadzudzule kwambiri, chifukwa zinyalala zikapanda wozitenga, munthu atani nazo? Makhonsolo a mizinda aike mabini m'makomboni ndi kumawakhuthula pa tsiku lodziwika. Bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA liziyeza mpweya m'misika ndi m'madepoti, zotsatira zizilengezedwa pa wailesi monga zimakhalira za nyengo, kuti makolo a ana amphumu tizidziwa tsiku lowasunga m'nyumba. Mafumu athu nawo aitanitse msonkhano tigwirizane: masamba ndi makoko azipita kudzenje la manyowa, ndipo wotentha pulasitiki kapena tayala pakati pa nyumba za anthu azilipira chindapusa.

Mayi wodandaula,
Bangwe, Blantyre