Chilengezo: Msonkhano wa malamulo a njinga zamagetsi ndi masikuta

Eni nyumba ndi alendi nonse,

Loweruka likubwerali, 9 koloko m'mawa, tikumana mu holo ya m'dera lathu kuti tigwirizane za liwiro m'misewu yam'kati, kuvala zipewa zodzitetezera komanso malo otchajira.

Nkhani yaikulu ndi mabatire a lithium. Batire likatupa kapena likatchajidwa ndi tchaja yosayenera limatha kuyaka moto, ndipo wotchajira pakhomo lotulukira amadzitsekera yekha njira. Batire la 36V limafuna tchaja ya 42V, ya 54.6V ndi ya batire la 48V, musasinthanitse.

Bweretsani:
- njinga kapena sikuta yanu, tiyese mabuleki ndi nyali
- tchaja yake
- chipewa

Batire lotupa musabwere nalo. Liikeni panja, kutali ndi zinthu zoyaka.

Yankhani pofika Lachinayi kutsimikiza kuti mubwera.